Khola la nkhuku kudziko la chipale chofewa: logula, la lona, la shedi kapena la Woods?

Chaka changa choyamba kuweta nkhuku kuno kumpoto kwa Indiana, ku America, ndinachita zimene aliyense wokulira kumudzi akanachita. Mphepo itayamba kuluma mu Novembala ndinatseka paliponse pamene panali kampata. Ming'alu ndinaimata, kazenera kam'mwamba ndinakakhomera katoni, pakhomo ndinakolowekapo bulangete lakale. Mumtima ndinkati nkhuku zanga zigona pofunda. M'mawa wina mu Januwale nditatsegula chitseko ndinapeza denga lonse mkati lili mbuu ndi chisanu chokakamira, utuchi pansi uli chinyezi chokhachokha, fungo la zitosi likuyabwa m'maso. Nsonga za lipombo la thadzi langa lalikulu zinali zitada bii. Chinalipweteka ndi nthunzi ya nkhuku zomwezo, imene ine ndinaitsekera m'kati ndi manja anga.

Ndayamba ndi nkhani imeneyi chifukwa makola onse amene ndiwayerekeze pano ndimawayeza ndi muyeso umene tsiku limenelo linandipatsa. Nkhuku yaikulu, yathanzi, ya nthenga zokwanira, imapirira kuzizira kuposa mmene ife timaganizira. Thupi lake limatentha madigiri a Celsius pafupifupi 41. Ikakwera pamtanda usiku imafufumitsa nthenga, imakhalira mapazi ake, n'kubisa mlomo m'nthenga za kumsana. Zinthu ziwiri ndi zimene zimaigonjetsa: mphepo youzira mwachindunji pamene yagona, imene imatsegula nthengazo, ndi chinyezi. Nkhuku imatulutsa madzi ambiri popuma, ndipo zitosi zake gawo lalikulu ndi madzi. Usiku wonse nthunzi imeneyi imakwera m'mwamba. Ikapeza potulukira imapita. Ikasowa, imatera padenga, pamakoma ndi palipombo, kenako n'kuundana. Ndiye funso langa pa khola lililonse ndi lakuti: kodi mpweya wonyowa uli ndi njira yotulukira pamwamba pa mitu ya nkhuku, popanda mphepo kuziwomba? Lachiwiri ndi lathu anthufe: kodi ine ndidzatha kulisamala m'mawa uliwonse chipale chili m'mawondo?

Kuno kufupi ndi mzinda wa South Bend chisanu si cha masewera. Mphepo ikamachokera kumpoto chakumadzulo imadutsa pamwamba pa nyanja ya Michigan, imatola chinyontho, n'kudzachikhuthulira pa ife ngati chipale chofewa, chimene ambiri timangoti sinowo. Pa chaka chimagwa choposa mita imodzi ndi theka mukachiphatikiza. Kumapeto kwa Januwale 2019 kunazizira kupyola madigiri 25 pansi pa ziro. Chiperoni cha ku Thyolo ndi Juni wa ku Dedza amatiphunzitsa kuvala juzi, koma sanatikonzekeretse kumanga khola la nyengo yotere.

Ambiri timayambira pa khola logula m'bokosi, lija mumalumikiza nokha ndi masikuluwu masana amodzi. Ndi lokongola, lopakidwa utoto ngati kanyumba ka ana, ndipo mtengo wake sudabwitsa. Inenso ndinayambira pomwepo. Pabokosi la langa panalembedwa kuti mukhoza kugona nkhuku zisanu ndi zitatu, koma chipinda chogonamo sichinkakwana ndi sikweya mita imodzi ndi theka yomwe. Muyeso umene oweta ambiri kuno amatsata ndi masikweya fiti anayi pa nkhuku iliyonse m'kati, ndi khumi pabwalo lotchinga. Nkhuku zisanu ndi imodzi zimafuna chipinda choposa masikweya mita awiri. M'chilimwe kuchepa kwa malo simukuona, poti nkhuku zimaswera panja. M'chisanu nkhuku zambiri zimakana kuponda chipale, zimaima pakhomo n'kubwerera. Zikapanikizana tsiku lonse kwa milungu ingapo zimayamba kujomphana, ndipo magazi akangooneka pa imodzi zinzake sizimaisiyanso.

Koma vuto lenileni la khola logula ndi kufupika kwake. Denga lili pafupi kwambiri ndi mtanda wogonapo, kotero kuti mabowo a mpweya ali ndendende pamene pali mitu ya nkhuku. Mukawatsegula, mphepo ikuwomba nkhuku. Mukawatseka, mwabwereza zimene ndinachita ine. Palibe malo apakati. Onjezani apo matabwa opyapyala amene amafufuma akanyowa, zitseko zazing'ono za pansi zimene zimaundana kapena kukwiririka, ndi zotsekera zimene raccoon, nyama yakutchire ya kuno, amatsegula ndi zala zake mosavutika. Ngati muli nalo kale musalitaye. Ndi labwino kulereramo anapiye m'chilimwe kapena kupatulamo nkhuku yodwala, makamaka mukaliika m'galaja. Koma sindingalangize m'bale wanga kuti adalire limeneli pa chisanu cha Indiana, Minnesota kapena Canada.

Makola a pulasitiki a makoma awiri, monga Eglu wa kampani ya ku Britain ya Omlet, ali m'gulu lina. Satsekera chinyezi m'thabwa, amatsukika ndi payipi, ndipo nthata zofiira zimasowa pobisala. Kwa abale athu a ku Manchester kapena Leeds amene ali ndi nkhuku zitatu pakabwalo kakang'ono, kumene chisanu chake ndi cha mvula kuposa chipale, ndi chisankho chanzeru. Kuno chovuta ndi chomwe chija cha malo: kogona kulipo, koma koswera masana kulibe pokhapokha mutafolera bwalo lonse, ndipo inuyo ntchito yonse mudzaigwira mutawerama panja.

Khola la lona limakopa anthu chifukwa cha mtengo, ndipo ndimalilemekeza. Mumagula mawaya olimba otchingira ng'ombe, amene m'masitolo a zaulimi amawatcha cattle panel. Limodzi ndi lalitali mafiti 16, pafupifupi mamita asanu, ndipo m'lifupi ndi mainchesi 50. Mumapanga felemu ya matabwa pansi yotambalala mafiti asanu ndi atatu, n'kupinda wayayo ngati uta kuchokera mbali ina kufika ina. Pakati pamatalika mokwanira kuti munthu aime. Mawaya awiri kapena atatu otsatizana akupatsani chipinda chachikulu, ndipo anthu awiri akhoza kumaliza Loweruka limodzi. Pamwamba mumayala waya wa timabowo tating'ono, kenako lona.

Chipale chouma, chopepuka ngati ufa, chimatsetsereka pa utawo popanda vuto. Choopsa ndi chija chonyowa chimene chimagwa kuzizira kukakhala pafupi ndi ziro. Chimamatirira, ndipo kiyubiki mita imodzi ikhoza kulemera makilogalamu 300 kapena kuposa. Usiku umodzi wokha utawo ukhoza kuphwatalala. Ndinaona la mnzanga wina wa kutchalitchi litagwada pakati ngati msana wa bulu wolemedwa katundu, mwamwayi nkhuku zinathawira kumapeto. Mankhwala ake ndi mtanda wolimba wodutsa pakati m'mwamba, wochirikizidwa ndi nsanamira kumapeto ndi pakati, komanso kutuluka ndi tsache chipale chikamagwa, ngakhale ndi usiku. China n'chakuti lona silipuma. Nthunzi imatera m'kati mwake, usiku imaundana, dzuwa likatuluka imadonthera nkhuku. Muyenera kusiya mbali ya kum'mwera yotsegula m'mwamba. Ndipo mphepo ya mkuntho imaligwedeza lona mpaka kuling'amba m'malo amene likukhuzana ndi waya.

Maganizo anga ndi akuti khola la lona ndi bwalo labwino kwambiri la m'chisanu, koma ndi chipinda chogona chongokwanira. Mukalifolera ndi pulasitiki woonekera wa m'nyumba zolimiramo mbewu m'malo mwa lona lakuda, masana kumafunda m'katimo ngakhale panja pali ayezi, nthaka imakhala youma, ndipo nkhuku zimasamba fumbi mu Febuluwale. Langa ndinalilumikiza ku khola lenileni kuti likhale koswera, ndipo pa ndalama zonse zimene ndawononga pa nkhuku, zimenezi ndi zimene sindidandaula nazo. Denga pabwalo limathandizanso kuti zitosi za mbalame zakutchire zisagweremo. Chimfine cha mbalame chimene chavutitsa America kuyambira mu Febuluwale 2022 chinayamba kupezeka m'ziweto pa famu ya nkhukundembo m'boma la Dubois konkuno ku Indiana, choncho kwa ife si nkhani yakutali.

Mpikisano weniweni uli pakati pa awiri otsalawa: shedi yosandutsidwa khola, ndi khola la Woods.

Shedi ndi kanyumba ka matabwa kosungiramo zida kuseri kwa nyumba. Ya mafiti 8 kwa 8 kapena 8 kwa 10 ndi yokwanira nkhuku khumi, ndipo malo oikapo thumba la chakudya amatsala. Kuno tili ndi mwayi chifukwa m'maboma a Elkhart ndi LaGrange, cha ku Shipshewana, muli amisiri a Chiamishi, gulu la Akhristu a moyo wachikale, amene amakhoma mashedi olimba n'kukutulirani pagalimoto. Zakale zimapezekanso pa Facebook Marketplace, bola mukhale ndi njira yozinyamulira. Sankhani ya matabwa. Ya malata okhaokha imachita thukuta m'kati usiku uliwonse, ndipo ya pulasitiki ndi yovuta kuiboola ndi kukhomamo zinthu.

Chimene shedi ili nacho, chimene khola logula lilibe, ndi kutalika. Mtanda wogonapo mukauika masentimita 60 mpaka 90 kuchokera pansi, pakati pa mitu ya nkhuku ndi denga pamatsala mita yathunthu kapena kuposa. M'malo amenewo ndi mmene mpweya umayenda osakhudza nkhuku. Koma shedi imabwera yotsekeka ngati bokosi, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa chifukwa chomvera chisoni thabwa latsopano. Muyenera kuiboola. Dulani mipata italiitali pansi pa chikupa cha denga, ndi ina pansonga za makoma a kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo yonse muikhomere waya wa hardware cloth wa mabowo a theka la inchi. Muyeso umene umatchulidwa kawirikawiri ndi sikweya futi imodzi ya mpata pa nkhuku iliyonse, ndiye kuti bowo la masentimita 30 kwa 30. Kwa nkhuku zisanu ndi zitatu ndi mpata waukulu woti mtima umakana poyamba. Dulani basi. Ku mbali kumene kumachokera mphepo, kuno ndi kumadzulo ndi kumpoto, ikani chivindikiro cha thabwa chokhala ndi mahinji kuti muzichitsitsa pang'ono chipale chikamauluzika. Musadalire mpata wa pamsana pa denga wokha, chifukwa chipale chikaunjikana chimautseka nthawi imene mukuufuna kwambiri.

Za waya ndinenepo motsindika. Waya wa nkhuku uja wopyapyala wa mabowo a makona asanu ndi limodzi umatsekera nkhuku m'kati, koma suletsa chilombo kulowa. Raccoon amaung'amba, ndipo mink ndi weasel, tinyama tofanana ndi likongwe, timadutsa pabowo laling'ono modabwitsa n'kupha khola lonse usiku umodzi. M'chisanu zilombo zimakhala ndi njala, ndipo mapazi awo mudzawaona m'chipale kuzungulira khola m'mawa. Yalaninso waya pansi kuzungulira makoma, wotuluka kunja masentimita 60, kuti chokumba chikumane nawo.

Mtanda wogonapo ukhale thabwa la 2x4, la mainchesi pafupifupi awiri kwa anayi, loyalidwa mbali yotambalala m'mwamba. Kwathu nkhuku zimagona pa mtengo wobulungira kapena pansungwi ndipo palibe vuto, koma kuno zala zikazungulira mtengo nsonga zake zimatsalira kunja kwa nthenga n'kuuma ndi chisanu. Pa thabwa lathyathyathya nkhuku imakhalira phazi lonse. Chitsulo kapena payipi musayerekeze n'komwe. Nkhuku iliyonse ipatseni masentimita 25 mpaka 30, ndipo mtandawo ukhale pamwamba kuposa zisa zoikira mazira, apo ayi zidzagona m'zisamo. Shedi yonse ikhale pamabuloko kapena pamiyala yophwanya, yokwera ndithu, chifukwa chipale chikamasungunuka mu Malichi nthaka ikadali youndana pansi, madzi amasowa kolowera. Kakhomo ka nkhuku kakwezeni masentimita 20 kapena 30 kuchokera pansi kuti utuchi usamatuluke ndipo chipale chisamalowe.

Nanga kuika zotetezera kuzizira m'makoma? Oweta amatsutsana kwambiri pa izi. Ine kuno sindinaike ndipo nkhuku zadutsa zisanu zingapo bwinobwino. Thovu loyera louma loika m'makomalo nkhuku zimalijompha n'kulimeza, choncho muyenera kulikuta ndi pulayiwudi, ndipo mpata wa pakati pa makoma awiri umasanduka mudzi wa mbewa. Pamene ndimaona phindu ndi pansi pa denga la malata: pulayiwudi kapena thovu pamenepo limaletsa nthunzi kutera pachitsulo chozizira n'kumadontha. Kwa abale a ku Winnipeg ndi Edmonton ku Canada, kapena kumpoto kwa Minnesota, kumene madigiri 30 ndi 35 pansi pa ziro amabwera chaka ndi chaka, makoma otetezedwa ali ndi ntchito, bola mipata ya m'mwamba ikhalebe yotsegula.

Khola la Woods ndi la maganizo ena, ndipo ulendo woyamba kuliona ndinaganiza kuti mwini wake sanamalize kumanga. Linatchedwa dzina la Dr. Prince T. Woods wa ku Massachusetts, amene kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ankalimbikitsa makola a mpweya wabwino, ataona kuti nkhuku za m'makola otsekedwa ndi zimene zinkadwala chifuwa. Khoma la kutsogolo, loyang'ana kum'mwera, ndi waya wokhawokha, ndipo limakhala lotsegula chisanu chonse. Makoma atatu enawo ndi denga n'zotsekeka kotheratu. Kholalo ndi lalitali kulowera m'kati kuposa m'lifupi: lodziwika kwambiri ndi la mafiti 10 m'lifupi ndi 16 kulowera kumbuyo. Mitanda yogonapo ili kumbuyo kwenikweni. Denga lili pawiri, lakutsogolo lotsika ndi lakumbuyo lokwera, ndipo pamene awiriwa akumana pali mzere wa mazenera oyang'ananso kum'mwera. M'chisanu mazenerawa amatsekedwa, amangolowetsa dzuwa mpaka kumbuyo. M'chilimwe amatsegulidwa kuti kutentha kuzituluka.

Mmene limagwirira ntchito mukhoza kuyesa ndi botolo. Uzirani mpweya pakamwa pa botolo lopanda bowo lina: sulowa mpaka pansi, chifukwa mpweya umene uli m'katimo ulibe kothawira. N'chimodzimodzi ndi kholali. Mphepo ikawomba kutsogolo imangolowa pang'ono n'kuima, kumbuyo kumene kuli nkhuku kuli bata. Koma mpweya wonyowa umasinthana pang'onopang'ono ndi wouma wa panja kudzera pa khoma lonse lotsegulalo. La mlimi wina kunja kwa tauni ndinalowamo m'mawa wozizira kwambiri. Pafupi ndi waya panali kachipale kopyapyala pansi, kotambalala ngati mkono umodzi. Kumbuyo utuchi unali wouma woti n'kuuluka, fungo kunalibe, ndipo malipombo a nkhuku zake anali ofiira psuu. Pa nkhani ya chinyezi sindinaonepo khola loliposa. Kum'mwera n'kofunika chifukwa kuno m'chisanu dzuwa limayenda motsika cha kum'mwera, mosiyana ndi Juni wa kwathu pamene limapendekera kumpoto.

Nanga bwanji sindinamange limeneli? Choyamba, silipezeka lopangidwa kale m'masitolo wamba, mumamanga nokha kapena kulemba mmisiri, ndipo denga lake lapawiri limafuna munthu wodziwa kudula mitanda. Chachiwiri, miyeso yake sisinthidwa mwachisawawa. Mukalifupikitsa kuti likwane pabwalo lanu, mphepo ifika pamitanda yogonapo ndipo nzeru yonse yatha. Alipo amamanga aang'ono a mafiti 8 kwa 12 kapena 6 kwa 10, koma likamachepa m'pamenenso bata la kumbuyo limachepa. Chachitatu, liyenera kuyang'ana kum'mwera, ndipo m'tauni nyumba, mpanda ndi malire a puloti sizikufunsani kumene mukufuna kuyang'ana. Kwanga kum'mwera kuli khoma la galaja la aneba. Pomaliza, mng'alu umodzi kumbuyo kapena chitseko chosatsekeka bwino chimasandutsa kholalo njira ya mphepo. Shedi imakhululuka zolakwa zazing'ono, mukhoza kuwonjezera mpata kapena kuutseka chaka chamawa. Woods amafuna kuti mukhoze ulendo woyamba.

Ndiye ndikaika awiriwa pambali ndi pambali: amene muli ndi malo otakasuka kunja kwa tauni, nkhuku khumi ndi zisanu kapena kuposa, ndi dzanja la ukalipentala, mangani Woods ndipo simudzadandaula. Amene muli m'tauni ndi mathadzi anayi kapena asanu ndi limodzi, gulani shedi ya matabwa, iboolereni mipata m'mwamba, mulumikizeko bwalo lofoleredwa. Musanagule thabwa ngakhale limodzi funsani ku ofesi ya mzinda wanu, chifukwa mizinda yambiri ya ku America imafuna chilolezo, imaika malire a chiwerengero cha nkhuku ndi mtunda wa khola kuchokera kwa aneba, ndipo atambala kawirikawiri saloledwa. Amene mukuchita lendi mufunsenso eni nyumba.

Patsala nkhani imene imagawanitsa oweta kuposa ina iliyonse, ya kutenthetsa khola. Kwathu tinazolowera kuyatsira anapiye mbaula, ndiye mtima umatiuza kuti nkhuku zazikulu nazonso zikufuna moto. Babu lofiira la mawati 250 ndi lotsika mtengo ndipo lili m'sitolo iliyonse ya zaulimi. Ine ndimalikana. Limatentha kwambiri moti likagwera muutuchi wouma, kapena nkhuku ikaliwomba ndi phiko, khola limayaka, ndipo chisanu chilichonse ozimitsa moto kuno amachenjeza za zomwezi. Likayaka usana ndi usiku limadya mayuniti asanu ndi limodzi a magetsi patsiku. Komanso nkhuku zozolowera kufunda sizikhwima ndi nyengo, ndipo magetsi amakonda kuzima pa usiku wa mkuntho womwewo. Pali mababu ena okutidwa ndi pulasitiki wotchedwa PTFE kuti asasweke, amene akatentha amatulutsa mpweya wopha mbalame, amenewo asalowe m'khola ngakhale pang'ono. Ngati muli ndi nkhuku yokalamba, yodwala, kapena mtundu wosapirira monga Silkie, chotenthetsera chathyathyathya chokhoma pakhoma ndi chabwinoko. Sichitenthetsa chipinda, chimangofunditsa nkhuku imene yaima pafupi.

Pamene magetsi ali ofunikadi ndi pamadzi. Chomwera wamba chimaundana m'maola ochepa, ndipo nkhuku yosamwa imasiya kudya ndi kuikira. Njira ndi ziwiri. Ina ndi chomwera kapena chokhazikapo chotenthetsa, chimene chimayaka chokha kukazizira. Chimafuna chingwe cha panja ndi soketi ya GFCI yodzizimitsa madzi akakhudza. Ina ndi beseni lakuda la labala limene mumaligubuduza, n'kulipondaponda kuti ayezi atuluke, n'kuthiramo madzi ofunda kawiri kapena katatu patsiku. Ambiri a ife timagwira ntchito za mashifiti ataliatali, m'zipatala, m'nyumba zosamalira okalamba ndi m'mafakitale, choncho njira yachiwiriyi imatheka pokhapokha pakhomo pali wina masana. Mulimonse, madziwo akhale pabwalo lofoleredwa. Mukawaika m'chipinda chogona mwabweretsa chinyezi chimene mwavutika kuchitulutsa. Nkhuku sizimwa usiku. Mazira nawonso atoleni msanga, chifukwa akaundana amang'ambika.

Pansi pa khola ndayesapo zitatu. Mchenga ndi wosavuta kusefa m'chilimwe, koma ukanyowa umauma gwa ngati simenti ndipo ndi wozizira kumapazi. Mapesi a tirigu amafunda ndipo ndi abwino kuyala pabwalo kuti nkhuku zizipalasa, koma m'chipinda amagwirana ndi zitosi n'kuchita nkhungu pansi. Utuchi wa paini wa zipalapala zazikulu ndi umene ndakhazikika nawo. Ndimayamba ndi masentimita 10 kapena 15 mu Okutobala, n'kumawonjezera pamwamba ndi kutembenuza, mpaka kudzauchotsa wonse mu Epulo kupita kudimba. Njira imeneyi imatheka m'shedi ndi m'khola la Woods, m'khola logula mulibe kuya kwake. Chimene chinasintha zinthu kwambiri kwa ine ndi thabwa lotambalala pansi pa mtanda wogonapo. Zitosi za usiku wonse zimagwera pamenepo, m'mawa ndimazipala ndi chitsulo kuthira m'ndowa, ndipo chinyezi chambiri chatuluka m'khola m'mphindi ziwiri.

Mtundu wa nkhuku umachepetsa kapena kukulitsa ntchito ya khola. Amene timakumbukira nkhuku za mikolongwe tidzakondwa kudziwa kuti ndi Black Australorp yemweyo, ndipo kuno amapezeka paliponse. Thupi lake limapirira chisanu bwino, koma lipombo lake ndi loimirira la nsonga, ndipo thadzi langa lija linali la mtundu womwewu. Leghorn, wa lipombo lalikulu logwera pambali, ndiye amavutika koposa. A malipombo aafupi omatirira kumutu savutika kwenikweni: Wyandotte, Brahma, Buckeye wa ku Ohio, ndi Chantecler, amene m'monke wina, Brother Wilfrid, anamupanga ku Oka m'chigawo cha Quebec pofuna nkhuku yoyenera chisanu cha Canada. Brahma ali ndi nthenga kumapazi, ndipo zikanyowa zimagwira timibulu ta ayezi, choncho amafuna bwalo louma kuposa anzake.

Mazira adzachepa ndithu, khola likhale labwino chotani. Nkhuku imaikira bwino kuwala kukamafika maola 14, pamene kuno mu Disembala usana ndi wa maola asanu ndi anayi okha. Ena amaika kababu kakang'ono ka LED koyaka m'bandakucha kuti aziikirabe. Ine ndimazisiya zipume, ndipo masiku akayamba kutalika mu Febuluwale zimayambiranso zokha.

Ngati mwatsimikiza zomanga, ntchito ya pansi, kusalaza malo, kuthira miyala, kukumbira nsanamira ndi kuyala waya, ithe Okutobala asanathe, chifukwa nthaka ikaundana khasu ndi fosholo sizilowanso mpaka Malichi. Khola liikeni pamene mungafike mosavuta kuchokera pakhomo la kuseri, poti njira imeneyo mudzaifosholera kambirimbiri kusanache. Ndipo chisanu choyamba chikafika, lowani m'kholamo m'mawa nkhuku zisanatuluke, muyang'ane nsonga za misomali padenga ndi galasi la zenera. Mukaona chisanu choyera chitamera pamenepo, kapena mphuno ikamva fungo loyabwa mutawerama pa msinkhu wa nkhuku, tengani sowo mukulitse mpata wam'mwamba tsiku lomwelo.